MLANDU WA MBONI ZOSINDIKIZIDWA: KUUNIKA MALAMULO A WIKIPEDIA

Mau Oyamba

Aphunzitsi a m'sukulu zaukachenjede, ndi a m'maseminale omwe, adazoloŵera kuchenjeza ophunzira ao kuti asadalire Wikipedia polemba. Ophunzirawo amavomera mwaulemu, koma kukada amakatsekula Wikipedia yomweyo. Ndipo tikati tinene mosabisa, mphunzitsi nayenso akaiŵala ngati Msonkhano wa ku Chalcedon udachitika mu 431 kapena mu 451, amathamangira komweko. Tsono popeza tonse tikumwa pa chitsime chimodzi, nkwabwino tileke kuchinyoza pagulu nkumachitunga mobisa, koma tifunse kumene madzi ake achokera.

Wikipedia ndi insaikulopediya ya pa intaneti imene munthu aliyense angathe kulembamo ndi kukonzamo. M'nkhani ino tiunika malamulo ake okhudza kusakondera ndi magwero odalirika. Ganizo lathu ndi ili: malamuloŵa ndi anzeru ndipo ngoyenera kutetezedwa, koma kusakondera kumene amabala nkobwereka. Wikipedia ndi woweruza wachilungamo pakati pa mboni zimene zafika pabwalo, koma pabwalo pake pamafika mboni zosindikizidwa zokha.

1. Chiyambi Chake ndi Malamulo Atatu

Mu 2000 Jimmy Wales ndi Larry Sanger adayambitsa insaikulopediya yotchedwa Nupedia. Olemba ake adali akatswiri, ndipo nkhani iliyonse inkayenera kudutsa masitepe 7 a kuunikidwa isanatuluke. Ntchito idayenda mwaufulu wa kamba: pamene Nupedia inkatsekedwa mu 2003, nkhani zomalizidwa zidali zosakwana 30. Pa 15 Januwale 2001 anthu aŵiri omwewo adatsekula Wikipedia, poyamba ngati nkhokwe yothandizira Nupedia, koma mwana adakula kupambana make. Lero ilipo m'zinenero zoposa 300, ndipo ya Chingerezi idapitirira nkhani 7 miliyoni mu 2025.

Khomo likakhala lotsekukira aliyense, amaloŵa wodziŵa ndi wosadziŵa, woona mtima ndi wamabodza. Nchifukwa chake olemba odziperekawo adagwirizana malamulo atatu amene ali ngati mafuwa ochirikiza mphika wonse.

Loyamba ndi la kusakondera. Wolemba ayenera kufotokoza maganizo onse akuluakulu amene magwero odalirika adasindikiza pa nkhaniyo, ndi kupatsa ganizo lililonse malo olingana ndi kulemera kwake pakati pa magwerowo. Tiyenera kumvetsa bwino apa: kusakondera sikutanthauza kugaŵa malo mofanana. Amene amati dziko lapansi nlathyathyathya salandira theka la tsamba chifukwa choti alipo. Ndipo pamene akatswiri akutsutsana, Wikipedia siyenera kugamula ndi mau akeake, koma kunena kuti wakutiwakuti adatere, wina adatsutsa motere.

Lachiŵiri ndi la kutsimikizika. Mfundo iliyonse imene ingakayikidwe iyenera kukhala ndi gwero losindikizidwa limene woŵerenga wina angathe kukaliona yekha, ndipo udindo wopereka gwerolo uli pa amene walemba mfundoyo. Gwero lodalirika ndi lomwe lili ndi mbiri yofufuza zinthu lisanasindikize ndi yokonza likalakwa: mabuku a akatswiri, magazini a maphunziro, nyuzipepala zokhala ndi akonzi odziŵika. Pa chifukwa chimenechi, mu Febuluwale 2017 olemba a Wikipedia ya Chingerezi adagwirizana kuti nyuzipepala ya ku Britain ya Daily Mail isamatengedwe ngati gwero lodalirika.

Lachitatu limaletsa kafukufuku wa mwini. Wolemba saloledwa kuikamo zimene wadzipezera yekha, zimene adaona ndi maso ake, kapena mfundo yatsopano imene waitulutsa polumikiza magwero aŵiri. Ngakhale zikalata zoyambirira, monga makalata ndi zolembedwa za m'khoti, sayenera kuzitanthauzira yekha. Adikire katswiri azitanthauzire m'buku.

2. Zimene Malamuloŵa Adapindula

Asanadzudzule, wounika woona ayambe wavomereza zabwino. Phindu loyamba la malamuloŵa nlakuti adachotsa ulamuliro pa munthu nkuuika pa umboni. Aŵerengi a magazini ino adziŵa Catholic Encyclopedia, imene mavoliyumu ake 15 adatuluka ku New York kuyambira 1907 mpaka 1912. M'menemo nkhani iliyonse idali ndi dzina la mlembi wake, voliyumu iliyonse idali ndi nihil obstat ndi imprimatur, ndipo dzina la bukulo lidaulula poyera mbali imene laima. Woŵerenga ankakhulupirira chifukwa cha amene adasaina. Wikipedia ilibe wosaina. Chikole chake chonse chili m'mau am'munsi osonyeza gwero.

Nkhani ya mlembi wina wodzitcha Essjay ikusonyeza chifukwa chake njira imeneyi ili yoyenera kumene anthu sadziŵana nkhope. Iyeyu ankati ndi pulofesa wa zaumulungu pa yunivesite ina ku America, wokhala ndi madigiri a udokotala pa zaumulungu ndi pa malamulo a Mpingo. Adakwera maudindo mpaka kuloŵa m'komiti yoweruza mikangano, ndipo magazini ya The New Yorker idamtchula ndi upulofesa ndi madigiri akewo m'nkhani yake ya mu 2006. Mu Febuluwale 2007 zidaululika kuti adali mnyamata wa zaka 24 wopanda ngakhale imodzi mwa madigiriwo. Choseketsa, koma chomvetsanso chisoni, nchakuti pa mkangano wina wokhudza tanthauzo la mau akuti imprimatur, adateteza maganizo ake potchula buku la oyamba kumene lotchedwa Catholicism for Dummies, nalichirikiza ndi udokotala wake wabodzawo. Apa lamulo silidalakwe. Adalakwa ndi amene adachita mantha ndi mkanjo wa upulofesa naleka kufunsa za gwero. Safunsa adadya phula.

Phindu lachiŵiri ndi kuteteza mbiri ya munthu. Mu 2005 munthu wina adalemba mwanthabwala kuti mtolankhani wa ku America John Seigenthaler adaganiziridwapo kuti adatengako mbali pa kuphedwa kwa John ndi Robert Kennedy. Bodzalo lidakhala pa tsamba miyezi inai. Mwini wake atadandaula m'nyuzipepala ya USA Today mu Novembala chaka chomwecho, Wikipedia ya Chingerezi idaletsa anthu osalembetsa kuyambitsa nkhani zatsopano, ndipo idakhwimitsa malamulo okhudza anthu amoyo, kotero kuti mau oipitsa munthu opanda gwero ayenera kufufutidwa pomwepo osadikira zokambirana.

Phindu lachitatu ndi kuphunzitsa adani kulemba tsamba limodzi. Mzinda wa ku Poland umene eni ake amautcha Gdańsk, Ajeremani amautcha Danzig, ndipo olemba a mbali ziŵirizi adalimbana nthaŵi yaitali posinthanitsa mainawo. Mu 2005 adaponya voti nagwirizana kuti pokamba za zaka za pakati pa 1308 ndi 1945 azilemba Danzig, ndipo pa zaka zina zonse azilemba Gdańsk. Palibe amene adakondwa kwathunthu, koma ntchito idapitirira. Ife amene nyanja yathu imatchedwa Malaŵi tsidya lino, Nyasa ku Tanzania ndi Niassa ku Mozambique, tikudziŵa kuti dzina si kanthu kakang'ono, ndipo kutchula onse atatu pamodzi ndi eni ake ndi chilungamo ndithu.

Zipatso zake zidayesedwapo. Mu Disembala 2005 magazini ya sayansi ya Nature idapatsa akatswiri nkhani 42 za sayansi zochokera mu Wikipedia ndi zinzake za mu Encyclopaedia Britannica. Adapeza zolakwa 162 mu Wikipedia ndi 123 mu Britannica. A Britannica adatsutsa kafufuzidwe kake mu 2006, ndipo kafukufukuyo adakhudza sayansi yokha. Komabe kusiyanako kudali kochepa kuposa mmene ambiri ankayembekezera.

3. Pamene Lamulo Lipunthwa

Kwa zaka zingapo, mpaka 2012, chiyambi cha lamulo lachiŵiri lija chinkanena mosapsatira kuti muyeso woloŵetsera mfundo ndi kutsimikizika kwake, osati choonadi chake. Mauwo adachotsedwa pamalopo, koma maganizo ake adatsala, ndipo ndi pomwepa pamene pali funso lalikulu.

Timothy Messer-Kruse, katswiri wa mbiri yakale pa yunivesite ya Bowling Green State, adatha zaka zambiri akuŵerenga zolembedwa za mlandu wa ku Haymarket, wokhudza bomba limene lidaphulika ku Chicago pa 4 Meyi 1886. Wikipedia inkati oimira boma sadapereke umboni uliwonse wolumikiza oimbidwa mlandu ndi bombalo. Iye adadziŵa kuti m'masabata 6 a mlanduwo mboni zambiri zidalankhula, ndipo mu 2009 adakonza chiganizocho potchula zolembedwa za m'khoti. Adambwezera, namuuza kuti zikalata zoyambirira sizikwanira. Atasindikiza buku lake mu 2011 adabweranso, koma adamuuza kuti buku limodzi silingapose mabuku ambiri onena zosiyana. Iye adafotokoza zonsezi m'nkhani yake ya mu Febuluwale 2012, ndipo mkangano utakula, tsambalo lidasinthidwa.

Kodi olembawo adalakwa? Tikaganiza mofatsa, iwo sakadatha kusiyanitsa katswiri weniweni ndi Essjay wina, ndipo chitseko chimene chikadatsekukira Messer-Kruse chikadatsekukiranso aliyense amene ali ndi kabuku kake konena kuti akatswiri onse adasokera. Komabe mtengo wake tiuvomereze: insaikulopediya yotere imayenda pambuyo pa akatswiri, ndipo gulu la akatswiri likasokera, iyonso imasokera nao mokhulupirika.

Mlembi wa nthano Philip Roth adakumana ndi zofanana mu 2012. Wikipedia inkapereka malo aakulu ku ganizo la ounika mabuku ena lakuti munthu wamkulu wa m'buku lake la The Human Stain adamuumba potengera moyo wa Anatole Broyard. Roth adati ai, adatengera zimene zidagwera bwenzi lake Melvin Tumin wa ku Princeton. Adamuyankha kuti ngakhale iye ndiye mwini buku, pafunika gwero losindikizidwa. Tsono adalemba kalata yapoyera mu The New Yorker, ndipo kalatayo itasindikizidwa idasanduka gwero, tsamba nkukonzedwa. Mau adali omwewo, mwini wake yemweyo. Chidasintha nchakuti adadutsa pa makina osindikizira. Ambiri adaseka, koma taonani phunziro lake: Roth adali ndi magazini yotchuka yomtsekulira khomo. Nanga amene alibe?

Palinso vuto lakuti gwero lingathe kumwa m'chitsime chimene likuyenera kudzaza. Mu Febuluwale 2009, Karl-Theodor zu Guttenberg atasankhidwa kukhala nduna ya zachuma ku Germany, munthu wina adaonjeza dzina lakuti Wilhelm pa mndandanda wautali wa maina ake mu Wikipedia ya Chijeremani. Nyuzipepala zingapo zidakopera mndandandawo osafufuza. Olemba ena atakayika nalichotsa dzinalo, lidabwezedwa, umboni wake nkukhala nyuzipepala zomwe zija. Bodza lidazungulira nkubwera litavala mkanjo wa mboni.

4. Mboni Zimene Sizidaitanidwe

Zonse tanenazi zidachitika m'maiko mmene mabuku ndi nyuzipepala nzosaŵerengeka. Kumene zosindikizidwa nzochepa, kapena kumene wosindikiza adali mmodzi, kusakondera kobwerekaku kumaonetsa msoko wake poyera.

Tiyerekeze kuti insaikulopediya yotere idalipo m'Malaŵi mu 1983. Mu Meyi chaka chimenecho nduna zitatu, a Dick Matenje, a Aaron Gadama ndi a Twaibu Sangala, pamodzi ndi phungu a David Chiwanga, adapezeka atafa ku Mwanza. Boma lidati adafa pa ngozi ya galimoto, ndipo m'dziko mmene nyuzipepala ndi wailesi zinkalankhula ndi mau a boma, zosindikizidwa zakuno sizikadanena zina. Zimene anthu ankanong'onezana m'nyumba zao, lamulo lachitatu likadazitcha kafukufuku wa mwini. Padafunika komiti yofufuza ya 1994, yotsogozedwa ndi woweruza Michael Mtegha, kuti pakhale chikalata chonena kuti anthuwo adachita kuphedwa. Ndipo wolemba wosakondera lero ayenera kutchulanso kuti khoti lidamasula Dr. Banda ndi ena oimbidwa mlanduwo kumapeto kwa 1995. Mfundo ziŵirizi ziyenera kuima pamodzi, iliyonse ndi gwero lake. Apa tikuona ubwino wa lamulo ndi malire ake nthaŵi imodzi: limasunga bwino zimene ufulu wa kusindikiza wabala, koma silingabale ufuluwo.

Chitsanzo china chikutikhudza pafupi. Zolembedwa zambiri zoyambirira zokhudza Nyau zidachokera m'manja mwa amishoni ndi akuluakulu a boma la atsamunda, pa nthaŵi imene mishoni ndi dambwe zinkalimbirana ana a m'midzi. Mkangano umenewu Ian Linden adaufotokoza m'buku lake la 1974 lonena za Akatolika ndi Acheŵa kuyambira 1889 mpaka 1939. Munthu amene akadalemba mu 1930 motsata malamulo onse atatu, akadatulutsa nkhani yokhala ndi magwero okwanira, ya mau odekha, koma yomva mbali imodzi yokha; pakuti akuluakulu a kudambwe sankalemba, ndiponso mwambo wao umaletsa kuulula. Chithunzi chidasintha pamene ofufuza monga Matthew Schoffeleers, J.W.M. van Breugel ndi Claude Boucher wa ku Mua adakhala pansi kumvetsera eni mwambo nasindikiza zimene adamva, ndi pamene bungwe la UNESCO lidalemekeza Gule Wamkulu mu 2005. Chimodzimodzi mbiri ya John Chilembwe: pambali pa lipoti la komiti ya atsamunda yofufuza za 1915, lero tili ndi buku la George Shepperson ndi Thomas Price la 1958, ndi zolemba za George Simeon Mwase zimene zidadikira zaka zoposa 30 zisanasindikizidwe mu 1967.

Tsankho la mtundu umenewu ndi lovuta kuligwira, chifukwa silioneka m'chiganizo chilichonse. Limakhala m'zimene palibe. Wikipedia imafuna kuti mutu uliwonse ukhale utalembedwapo mokwanira ndi magwero oima paokha usanapatsidwe tsamba lake. Motero kamudzi ka ku Ulaya kamene mbiri yake idasungidwa m'mabuku kamapeza malo mosavuta, pamene mfumu yaikulu yakuno, imene mbiri ya ufumu wake ili m'mitu ya mbumba, imaoneka ngati yosafunika. Ngakhale Jimmy Wales mwini wake, atayambitsa mu 2007 nkhani ya Mzoli's, malo odyera nyama amene adali otchuka ku Gugulethu pafupi ndi Cape Town, wolemba wina adaifufuta pasanathe ola limodzi, ati siidaonetse kufunika kwake. Idabwezedwa chifukwa woyambitsayo adali wodziŵika ndipo ena adaifunira magwero.

5. Kodi Tifeŵetse Lamulo?

Ena amati mankhwala ake ndi kulola umboni wapakamwa. Mu 2011 Achal Prabhala wa ku India, mothandizidwa ndi Wikimedia Foundation, adayesa njira imeneyi: anzake adajambula mau a anthu a m'midzi ya ku India ndi ya ku Limpopo ku South Africa akufotokoza za maseŵera ndi miyambo yao, naika mauwo ngati magwero a nkhani za m'Chimalayalam, Chihindi ndi Chisepedi. Ntchitoyo idasonyezedwa m'filimu yotchedwa People are Knowledge, koma njirayo siidakhazikike ngati lamulo.

Mtima wathu uli ndi Prabhala, pakuti tidakulira m'midzi mmene agogo ndiwo nyumba ya mabuku. Koma tiyenera kukumbukira mmene umboni wapakamwa umayesedwera kwao kwenikweni. Pabwalo la mfumu mboni imaima pamaso pa anthu oidziŵa: amadziŵa mtundu wake, ubale wake ndi wodandaula, ndi ngati idanamapo kale; ndipo mkulu wina angathe kuimirira nkuikonza. Mau omwewo akajambulidwa nkuikidwa pa intaneti amasiya bwalo lonselo m'mbuyo. Amene adamvapo mkangano wa ufumu adziŵa kuti mabanja aŵiri angathe kufotokoza mzere wa makolo mosiyana, onse molimba mtima. Wosankha nkhalamba yoti aijambule ndiye wagamula mlandu.

Zimene zimachitika malamulo akalekerera zidaoneka kale. Mu 2020 zidadziŵika kuti nkhani zoposa 20,000 za mu Wikipedia ya chinenero cha Scots zidalembedwa ndi mnyamata wa ku America wosadziŵa chinenerocho, ndipo padapita zaka popanda womletsa chifukwa eni chinenero adalibepo. Mu Wikipedia ya ku Croatia kagulu kochepa ka oyang'anira kadalanda ulamuliro kwa zaka pafupifupi 10, nkumapeputsa nkhanza za boma la Ustaše ndi za ku msasa wa Jasenovac, ndipo mu 2013 nduna ya maphunziro ya dzikolo idachenjeza ophunzira kuti asaidalire; lipoti limene Wikimedia Foundation idatulutsa mu 2021 lidatsimikiza za kulandako. Wikipedia ya Chicheŵa ilipo, koma ndi yaing'ono ndipo nkhani zake zambiri ndi za mizere yochepa. Zitsanzo ziŵirizi zikutichenjeza kuti nyumba ya anthu ochepa ndiyo imasoŵa mpanda wolimba koposa.

Mau Omaliza

Chiweruzo chathu tsono nchakuti malamulo atatu aja asungidwe, koma tileke kuŵapempha zimene sangathe kupereka. Kusakondera kwa Wikipedia ndi khalidwe la mlembi wa pabwalo, amene amalemba mokhulupirika zimene mboni zanena. Si nzeru za woona zonse. Woŵerenga wochenjera asaime pa chiganizo, koma atsike ku mau am'munsi, afunse kuti gwerolo adalemba ndani, chaka chanji, ali kuti, ndipo ndani sadafunsidwe. Aonenso tsamba la zokambirana ndi mndandanda wa zosintha, pakuti m'menemo mikangano imene mabuku ena amabisa ili poyera. Adzapezanso kuti nkhani zina za mbiri ya Mpingo zikadali ndi ndime zotengedwa mu Catholic Encyclopedia ija, ndipo zina mu Britannica ya 1911, popeza mabukuŵa aliyense ngololedwa kukopera. Mau a zaka zoposa 100 zapitazo akulankhulabe ngati a lero.

Ntchito yotsala ili kunja kwa Wikipedia. Samuel Josia Ntara atayenda kufunsa akuluakulu nalemba Mbiri ya Acheŵa, adasandutsa mau apakamwa kukhala buku limene ena angathe kuliŵerenga, kulitsutsa ndi kulikonza. Mabuku a Kachere ku Zomba adachita zomwezo pa mbiri ya mipingo ndi miyambo. M'maparishi muli mabuku a zochitika za tsiku ndi tsiku amene chiswe chikudya. M'midzi muli nkhalamba zimene chaka chamaŵa sitidzazipeza. M'makabati a m'sukulu zathu muli zolemba za ophunzira zimene sizidaonepo makina osindikizira. Wofufuza akatchula amene adamuuza, tsiku ndi malo, akamva mbali zonse ziŵiri, nalola anzake kumuunika asanasindikize, wabweretsa mboni yatsopano pabwalo, ndipo lamulo lomwe lija limene lidatitsekera kunja lidzakakamiza aliyense kuimvera. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.